Kalekale ku China boma linkawerenga ochira ndi omwalira

Ngati ndinu wodzipereka pa zaumoyo m'mudzi, mukudziwa mmene kaundula amatopetsera: dzina, tsiku, matenda, wachira kapena watumizidwa kuchipatala. Ntchito imeneyi ndi yakale zedi. Ku China, mu ufumu wa Song umene unalamulira kuyambira mu 960 mpaka 1279, dokotala wa m'chipatala cha osauka ankapatsidwa kabuku kolembamo amene achira ndi amene amwalira. Chaka chikatha, akuluakulu a boma ankawerenga manambalawo n'kugamula ngati wagwira bwino ntchito.

Boma linayamba ndi mankhwala. Mu 1076, pa ulamuliro wa mfumu Shenzong, linatsegula sitolo yake ya mankhwala mumzinda wa Kaifeng, likulu la dzikolo. Munkagulitsidwa timibulu ndi ufa zokonzakonza pamtengo wotsikirapo, ndipo mliri ukabuka ena ankagawidwa ulere. Kenako kasakanizidwe kake kanalembedwa m'buku limodzi kuti wogula kulikonse apeze mankhwala ofanana. Koma katangale analowa ndithu. Patapita zaka, mankhwala abwino ankathera m'manja mwa akuluakulu, moti sitolo imene dzina lake linkatanthauza kuti yothandiza anthu inapatsidwa dzina lachipongwe lakuti yothandiza mabwana.

Nkhani ya Su Shi ndiyo makolo muimvetsere bwino. Iyeyu anali mlakatuli wotchuka, ndipo mu 1089 anatumizidwa kukalamulira mzinda wa Hangzhou. Kumeneko kunagwa chilala, kenako njala, kenako mliri. Su Shi anatenga ndalama za boma, n'kuwonjezapo golide wa m'thumba mwake, ndipo anatsegula nyumba ya odwala yotchedwa Anle Fang. Ankaiyang'anira anali amonke Achibuda. Odwala ankalandira phala ndi mankhwala.

Vuto linali pa mankhwala amene iye ankawakhulupirira kwambiri, otchedwa Shengsanzi. Anawaphunzira kwa mnzake, ndipo anawatamanda polemba kuti ndi opulumutsa anthu pa mliri. Poti wanena ndi Su Shi, anthu sanafunsenso. Komatu munali zosakaniza zamphamvu, kuphatikizapo muzu wa chomera chokhala ndi poizoni. Mliri wina utabuka ku Yongjia, anthu anathamangira mankhwala omwewo, ndipo madokotala a m'mbuyo mwake analemba kuti ambiri anafa nawo. Munthuyo anali ndi mtima wabwino, koma luso lake linali la ndakatulo ndi ulamuliro. Kutentha thupi kumayamba ndi matenda osiyanasiyana, n'chifukwa chake mankhwala amene anathandiza mwana wa mnansi wanu akhoza kuvulaza wanu ngati sanayezedwe.

Mu 1102, mfumu Huizong inalamula kuti zipatala za osauka zotchedwa Anji Fang zimangidwe m'zigawo za dzikolo. Kabuku ka ochira ndi omwalira kaja kankagwira ntchito m'menemu. Odwala ankagonekedwa m'zipinda zosiyana malinga ndi kukula kwa matenda kuti asapatsirane. Taganizani, nthawi imeneyo panalibe amene anaonapo tizilombo toyambitsa matenda, pakuti makina otionera anabwera patapita zaka zoposa 500. Iwo anangoona kuti wogona pafupi ndi wodwala kwambiri nayenso amadwala, basi n'kuwasiyanitsa.

Amene sanachire boma silinawataye kutchire. Mu 1104 linakhazikitsa manda a anthu osauka ndi osowa abale, otchedwa Louze Yuan. Pamanda alionse ankaikapo njerwa yolembedwa chizindikiro cha mandawo, tsiku la maliro, komanso dzina ndi kwawo kwa malemuyo ngati zinkadziwika, kuti m'bale akadzabwera adzapeze pomwe wake wagona. Akatswiri ofukula zakale anapeza njerwa zoterezi zambirimbiri ku Sanmenxia, m'chigawo cha Henan. Zambiri ndi za asilikali wamba ndi okalamba, ndipo zina zimatchula kuti munthuyo anachokera ku Anji Fang.