Kompyuta ya m'kati mwa kompyuta ikakana kuyaka

Ambiri amene amandibweretsera vuto la virtual machine amafika atawononga kale zinthu. Wina wachotsa VirtualBox n'kuyiikanso, wina wafufuta makina onse pamodzi ndi ntchito ya temu yonse. Ndikafunsa kuti uthenga umene unatuluka unati chiyani, yankho lake ndi lomwelomwelo: "Zinangolemba zachizungu, ndinadina OK." Pamenepo mpamene pamandiwawa, chifukwa kamzere kachizunguko kamakhala katatchula kale matendawo.

Kwa amene simunaionepo, virtual machine ndi kompyuta yachiwiri yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala m'kati mwa kompyuta yanu yeniyeni. Mapulogalamu ngati VirtualBox ya Oracle kapena VMware Workstation amapatula gawo la purosesa, la RAM ndi la disiki n'kulipereka kwa Ubuntu kapena Windows wina, woyenda pawindo lake. Ophunzira amaikonda chifukwa amayeserapo Linux popanda kugula kompyuta ina. Ili ngati munthu wochita lendi: chipinda ndi chake, koma madzi, magetsi ndi kiyi wa pageti zili m'manja mwa mwininyumba. N'chifukwa chake wochita lendiyo akakanika kulowa, ine ndimayamba ndafunsa mwininyumba.

Choyamba muone pamene ikufera. Ngati mwadina Start ndipo uthenga watuluka windo lisanatseguke n'komwe, vuto lili pa kompyuta yeniyeniyo. Ngati windo latseguka, lili bii, n'kulemba kuti "No bootable medium found", makinawo ayaka ndithu, angosowa poyambira. Mwina simunalumikize fayilo ya ISO pa Storage. Limeneli ndi laling'ono.

Lalikulu, lomwe ndimakumana nalo kuposa ena onse, ndi la purosesa. Intel inayamba kuika luso lothandiza makina oterewa mu 2005 n'kulitcha VT-x, ndipo AMD inatsatira mu 2006 ndi AMD-V. Makompyuta ambiri apadesiki, makamaka akaunjika ochokera m'maofesi akunja, amabwera lusoli lili lozimitsa. VirtualBox imanena mosabisa kuti "VT-x is disabled in the BIOS", kapena kulemba VERR_SVM_DISABLED ngati purosesa ndi ya AMD. Musanagwire chilichonse, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani CPU, muone mawu akuti Virtualization kumunsi kwake. Akalemba Disabled, yatsaninso kompyutayo ndipo ikamadzuka muzidina batani lolowera mu BIOS. Pa HP nthawi zambiri ndi F10, pa Dell ndi F2, pa Lenovo ThinkCentre ndi F1, pa zomangidwa pamanja ndi Delete. M'katimo fufuzani Virtualization Technology, kapena SVM Mode pa AMD, muike Enabled, musunge, mutuluke. Zina zonse za mmenemo zisiyeni momwe mwazipezera. BIOS si malo oyesera mwayi.

Chozunguza mutu n'chakuti nthawi zina BIOS ili bwinobwino koma makina akukanabe. Apa wolakwa amakhala Windows mwiniwake. Microsoft ili ndi pulogalamu yakeyake ya ntchito yomweyi, Hyper-V, ndipo ikayaka imayamba ndiyo kugwira VT-x, enawo n'kupeza mpando wakhalidwa kale. Mungalumbire kuti Hyper-V simunaiyatsepo, ndipo mungakhale mukunena zoona. Imayaka mwakachetechete mukaika WSL2 kapena Docker Desktop, ngakhalenso chitetezo cha Memory integrity chikakhala choyatsa, monga zimakhalira pa makompyuta ambiri atsopano a Windows 11. VMware yakale, isanafike 15.5.5 ya mu 2020, inkakaniratu. VirtualBox ya masiku ano imayesetsa kuyenda chonchobe, koma mwaulesi, ndipo imakuuzani poonetsa kafulu kobiriwira pakona yakumunsi kwa windo. Amene anasankha fulu ameneyu ankadziwa nthabwala.

Mankhwala ake ndi kuchotsa chizindikiro pa Hyper-V ndi Virtual Machine Platform mu Windows Features, kenako kuzimitsa Memory integrity pansi pa Core isolation. Ikachita liuma, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe bcdedit /set hypervisorlaunchtype off, muyatsenso. Koma ndinene poyera: Memory integrity anaiikira kutchinga mapulogalamu oipa. Pa kompyuta yophunzirira ndimaizimitsa mosadandaula. Pa ya muofesi yosunga malipiro a anthu sindingatero, bola fuluyo aziyenda pang'onopang'ono.

A Linux nawo ali ndi vuto lawo. Dzulo zonse zimayenda, usiku kernel yalandira update, m'mawa kwatuluka "Kernel driver not installed" ndi nambala -1908. Dalaivala wa VirtualBox amayenera kumangidwanso kuti agwirizane ndi kernel yatsopanoyo, ndipo lamulo lake ndi sudo /sbin/vboxconfig. Likalephera, kawirikawiri ndi Secure Boot imene ikukana dalaivala wopanda siginecha.

Za RAM sindichedwapo. Kompyuta ya 8 GB simungaipatse makina a 7 GB, Windows ndi Chrome zidya chiyani? Theka ndi malire abwino. Ndipo wofuna kuika Windows 11 m'katimo adziwe kuti imafuna 4 GB ndi TPM 2.0, chinthu chimene VirtualBox inayamba kupereka mu 7.0, chaka cha 2022.

Vuto limene latsala ndi lathu lenileni, la magetsi. Desikitopu ilibe batire, ndiye magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, zonse zimaduka pomwepo. VMware imasiya timafoda tothera ndi .lck, tosonyeza kuti makinawo ali m'manja mwa wina, ndipo mukabwerako imakuuzani kuti akugwiritsidwa ntchito pamene palibe aliyense. Tsekani VMware, musamutsire timafodato pambali, muyesenso. Ku VirtualBox makinawo amalembedwa Aborted, ndipo ambiri amadzuka mukangodinanso Start. Akakhala pa Saved n'kumakana kudzuka, dinani Discard. Mutaya zokhazo zimene zinali zotsegula panthawiyo, zosungidwa pa disiki zikhalapo.

Batani loopsa lili pafupi pomwepo, la Remove, ndipo limafunsa ngati mukufuna "Delete all files". Mukavomera, fayilo ya .vdi imapita, ndipo fayilo imeneyo ndiyo disiki yonse ya makinawo. Musanayambe kukonza chilichonse, koperani foda yonseyo pa disiki ina. Mukafuna thandizo kwa wina, mutengereni fayilo ya VBox.log yomwe ili mufoda ya Logs, kapena vmware.log, ndipo uthenga uja muujambule ndi foni musanadine OK.