Ziwengo za cakudya: mmene madotolo amazipimira

Anthu ena akadya nshawa, mazira, nsomba kapena kumwa mkaka amatuluka zidzolo zoyabwa, amatupa milomo, ndipo ena amasanza. Zimenezi ndi ziwengo za cakudya.

Ziwengo zimayamba pamene citetezo ca thupi ciyesa cakudya cabwinobwino ngati mdani. Thupi limapanga asilikali ocedwa IgE, ndipo munthu akadyanso cakudyaco, asilikaliwo amacititsa thupi kutulutsa histamine, imene imabweretsa kutupa ndi kuyabwa. Zizindikiro zimaoneka pakapita mphindi zocepa, kawirikawiri maola awiri asanakwane.

Ngozi yaikulu ndi pamene pakhosi patupa, munthu nkuyamba kubanika kapena kukomoka. Wodwala wotere afunika jekeseni wa adrenaline mwamsanga, conco ayenera kuthamangira naye kucipatala.

Pofufuza, dotolo amayamba ndi mafunso: munthuyo anadya ciani, ndipo panapita nthawi yotani asanadwale. Kenaka amadonthetsa pamkono kadontho kocokera ku cakudya cimene akucikaikira, nabaya khungu pang'ono. Pakatha mphindi 15, malowo akatupa kuposa pamene anadonthetsa madzi amcere ndi mamilimita 3 kapena kuposerapo, ndiye kuti thupi lili ndi asilikali olimbana ndi cakudyaco. Mankhwala monga Piriton amabisa zotsatira, motero wodwala amauzidwa kuwaleka masiku angapo asanapimidwe. Njira ina ndi kupima kuculuka kwa IgE m'magazi.

Komabe, njira ziwirizi pazokha sizigamula mlandu. Ambiri amapezeka ndi asilikaliwo koma amadya cakudyaco popanda vuto lililonse. Pakakhala cikaiko, wodwala amapatsidwa cakudyaco pang'onopang'ono m'cipatala, madotolo akumuyang'anira. Kuyesa zimenezi kunyumba nkoika moyo paciswe.

Ndiponso, si aliyense wotsegula m'mimba akamwa mkaka amene ali ndi ziwengo. Ambiri matupi ao amangolephera kugaya shuga wa mumkaka.

Kusiyanitsa zimenezi nkofunika cifukwa mwana womanidwa mazira, nshawa ndi kapenta popanda cifukwa ceniceni amataya zakudya zomanga thupi. Kafukufuku wa ku London wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti makanda amene anali paciopsezo, atayamba kudya zakudya za nshawa asanakwanitse caka, ziwengo za nshawa zinacepa pakati pao ndi pafupifupi 80 peresenti. Conco kholo lokaikira cakudya liyenera kuonana ndi dotolo lisanacicotse m'mbale ya mwana.