Kukamba nakonso ndi mankhwala, koma osati kukamba kulikonse

M'maminibasi athu, dzina lakuti Chainama tinalisandutsa mwala wogenda nawo anzathu. Kondakita akacedwa kubweza cenji, wina amafuula kuti amutengere ku Chainama, basi yonse n'kufa nako kuseka. Cipatala cimeneci cinatsegulidwa ku Lusaka mu 1962, ndipo kufikira lero ambiri a ife tikamva za matenda a maganizo timaona munthu wofuntha amene akutola zinyalala mumseu.

Koma tayang'anani bwino mu basi ya ku Kapata kapena ku Mchini. Muli amai amene tulo tinawathawa mwezi watha. Muli atate amene malipiro ao amathera pa kacasu mwezi usanafike pakati. Muli mwana amene analeka kukamba kucokera tsiku la maliro a atate ake. Palibe wofuntha pamenepa. Timangoti “ali na maganizo”, n'kuwauza kuti alimbe mtima, apemphere, aiwale.

Mau amenewa amacokera mumtima wabwino, sindikukana. Cimene ndifuna mudziwe, anzanga apaulendo, n'cakuti pali kukamba kwina kumene kunayesedwa monga mmene amayesera mankhwala a malungo, ndipo kunayesedwa muno m'Zambia.

Mayesedwe ake ndi otere. Anthu a vuto limodzi amagawidwa pawiri mwa maere. Gulu lina limalandira thandizo latsopanolo, lina limapitiriza ndi thandizo la masiku onse. Pakapita miyezi onse amafunsidwa mafunso amodzimodzi, n'kuona amene apepukidwa kwambiri.

Ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, motsogozedwa ndi Laura Murray, anacita zimenezi m'makomboni a Lusaka ndi ana 257 a zaka 5 mpaka 18 amene anaona zoopsa monga nkhanza ndi imfa za makolo. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Kwa ana amene analandira uphungu wa ndondomeko, zizindikiro monga maloto oipa ndi mantha zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti. Kwa enawo zinatsika ndi 21 cabe.

Pambuyo pake, mogwirizana ndi bungwe la SHARPZ, anayesa njira yochedwa CETA pa mabanja 248 a mu Lusaka mmene mkazi anali kucitidwa nkhanza ndipo mwamuna anali kumwa mopitirira. Patapita caka, nkhanza ndi kumwa zinacepa kwambiri m'mabanja amene analandira CETA, mwakuti oyang'anira kafukufukuyo analamula kuti aimitsidwe, gulu linalo nalonso lipatsidwe thandizolo. Izi zinasindikizidwa mu 2020.

Manje mufunsa kuti m'cipindamo mumacitika ciani cimene ankhoswe kapena abusa sangacite?

Tiyerekeze amai ogulitsa tomato pa Saturday Market. Mpamba wagwa, ngongole ya cilimba yawapanikiza, ndipo m'mutu mwao mukungolira mau amodzi: ndine wopanda pake. Maganizo amenewa amawagoneka m'nyumba, kugonako kumathamangitsa makasitomala, ndipo makasitomala akathawa maganizo aja amaoneka ngati oona. Phungu wophunzira sawauza kuti muleke kuganiza. Amawafunsa kuti umboni wakuti ndinu wopanda pake ndi uti, nanga umboni wotsutsa ndi uti? Ndani analipirira ana sukulu zaka zonsezi? Akatero amapangana kanthu kamodzi kocita sabata imeneyo, kaya kusamba m'mawa n'kukafika pamsika, kaya kukaonana ndi mwini ngongole kuti agwirizane kalipiridwe. Sabata yotsatira funso loyamba ndi lakuti, zinayenda bwanji?

Inde, muli homuweki. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi dokotala Aaron Beck ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960, ndipo mfundo yake ndi yakuti zimene timaganiza, zimene timamva mumtima ndi zimene timacita zimakokana ngati ngolo ndi ng'ombe. Ukasintha cimodzi, zinazo zimatsatira. CETA imatenga mbali zingapo zotere, monga kupeputsa thupi, kuyang'anizana pang'onopang'ono ndi zoopsa zakale, kucepetsa mowa ndi kukonza za citetezo, ndipo phungu amasankha zoyenera munthu amene ali patsogolo pake. Amakumana kamodzi pa sabata, pafupifupi ola limodzi, ka 6 mpaka ka 12, n'kutsiriza.

Cimene cimandipatsa ciyembekezo ine ndi anthu amene anagwira nchitoyi. Sanali madokotala. Anali anthu wamba a m'makomboni, ophunzitsidwa bwino, amene sabata iliyonse anali kukhala pansi ndi wowayang'anira kuunika nkhani iliyonse. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki, nchito imene amaicha Friendship Bench. Pa kafukufuku wa anthu 573 wotuluka mu 2016, patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, 14 ndiwo anali akali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene m'gulu linalo anali 50. Kuno kwathu, bungwe la StrongMinds linayamba mu 2019 kusonkhanitsa azimai m'magulu, kukambirana za maliro, mikangano, kusungulumwa ndi kusintha kwa moyo.

Nanga ife a ku Chipata tiyambire pati? Pa kiliniki yapafupi, kaya ku Kapata kaya kwina, muuze nesi kapena kiliniko ofisa zoona zake. Ambiri timangoti mutu, mtima ukuthamanga, thupi lonse kuwawa, n'kubwerera ndi Panadol. Nenani kuti sindigona, sindifuna kudya, palibe cimene cikundikondweretsa. Pa Chipata Central Hospital pali mbali yoona za matenda a maganizo. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda, limati wodwala maganizo ali ndi ufulu wolemekezedwa ndi kuuzidwa za cithandizo cake. Conco kufunsa si mwano.

Mukakumana ndi aphungu, afunseni mwaulemu: mugwiritsa nchito njira iti? Tidzakumana kangati? Tidzadziwa bwanji kuti ndikupeza bwino? Wophunzira bwino amayankha mosavuta. Amene angokudzudzulani, kukuuzani zocita, kapena kukatula nkhani yanu pamsika, ameneyo si phungu.

Kukamba kuli ndi malire ake. Munthu amene akumva mau amene ena sakumva, kapena amene wakhala masiku osagona akulankhula zosamveka, afunika dokotala ndi mankhwala msanga. Amai amene akumenyedwa afunika citetezo coyamba, ndipo Victim Support Unit ya apolisi iliko kaamba ka zimenezo. Munthu akakuuzani kuti watopa ndi moyo, musamusiye yekha ndipo musamuseke. Pitani naye kucipatala, kapena tumani foni pa 933. Ana nambala yao ndi 116. Zonse ziwiri ndi zaulere, ngakhale foni ilibe tokotaimu.