UTOTO WA PA INJINI YA BOTI KU LUPANDE

Mtsinje wa Lupande, m'boma la Mambwe, ndi mtsinje wa mcenga. M'cilimwe madzi ace amacepa kwambiri, koma mvula ikakhwima umadzala ndi kuthamangira ku Luangwa kufupi ndi Mfuwe. Pamenepo miseu yina m'dziko la Akunda imatsekeka, ndipo boti la injini ndilo limanyamula anthu ndi katundu. M'mwezi wa February caka ca 2007 madzi a Luangwa anasefukira nalowa m'midzi ndi m'misasa ya alendo odzaona nyama. Cotero mwamuna wa ku Kitwe kapena ku Lusaka amene wagula injini yakale kuti aitumize kumudzi ayenera kuyang'anitsitsa utoto wace, pakuti utoto ndiwo khungu la injini.

Mwendo wa injini, umene ulowa m'madzi, ndi wa aluminiyamu. Madzi a Luangwa m'dzinja ndi odzala ndi mcenga, ndipo boti likakhudza pansi, mcengawo umapala utoto monga tupa. Anthu a ku migodi adziwa dzimbiri lofiira la pa citsulo. La pa aluminiyamu ndi losiyana. Limaoneka ngati ufa woyera, ndipo limayenda mobisika pansi pa utoto mpaka utotowo utatupa matuza. Likalekeredwa limadya citsulo, madzi nalowa m'mafuta a magiya. Mafutawo akasanduka ngati mkaka, cionongeko cafika kale patali, ndipo zitsulo zatsopano zili ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 130, kapena ku Lusaka.

Tsono za mtundu wa utoto. Injini za Mercury zambiri ndi zakuda. Za Yamaha, zimene zinayamba kupangidwa m'caka ca 1960, zambiri masiku ano ndi zotuwa mobiriwira pang'ono. Mtundu uli wonse uli ndi dzina ndi nambala yace, ndipo wogula acita bwino kulemba nambala ya injini asanapite kusitolo. Komabe ngakhale citini cikhale coyenera, utoto watsopano sufanana ndi wakale, cifukwa dzuwa la m'cigwa limafwifwitsa civundikiro ca pamwamba. Mtundu weni-weni umapezeka m'malo obisika, kumene dzuwa silifika. Mmisiri wanzeru amayamba wayesa utoto pa kacitsulo kena, nauleka uume, kenaka naufanizira panja, osati m'nyumba, pakuti utoto wauwisi umanyenga maso. Ukasiyana pang'ono, amapaka mbali yonse kufikira pamene zitsulo ziwiri zikumana, kuti kusiyanako kusaoneke. Cigamba ca pakati cimaonekera patali.

Koma kunena zoona, mtundu ndi nkhani yaing'ono. Injini ya mawanga-mawanga imayenda bwino lomwe. Imene imafa msanga ndi ija yopakidwa utoto wokongola pamwamba pa mafuta ndi ufa woyera uja. Poyamba malowo atsukidwe ndi sopo kuti mafuta onse acoke. Kenaka apalidwe ndi sandipepa mpaka citsulo ciwale, ndipo m'mphepete mwa utoto wakale musalazidwe. Burashi ya waya wacitsulo siyenera, cifukwa imasiya tizidutswa timene timayambitsanso dzimbiri. Tsiku lomwelo apake utoto woyamba wopangidwira aluminiyamu, umene umaluma citsulo. Popanda uwu, utoto wa pamwamba udzasendeka madzi oyamba akabwera. Pamwamba pace apake mopyapyala katatu, kulekeza kuti uume nthawi iri yonse.

Nyengo yabwino ya nchitoyi ndi June ndi July, maboti ali pamtunda. M'October kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo utoto wopopera umauma usanafike pa citsulo, nusiya pokhakhala.

Pali malo amene utoto suyenera kufika. Timabowo tolowera madzi oziziritsa injini tikatsekeka, injini imapsa. Nambala ya injini ikafafanizika, mwini adzabvutika pogula zitsulo ndi posonyeza kuti injiniyo ndi yace. Palinso kacitsulo kotuwa komangidwa pa mwendo, kochedwa anode, kamene kanaikidwa dala kuti kadyeke m'malo mwa injini. Anthu ena pokaona kokumbika-kumbika amakapaka utoto kuti kaoneke bwino, ndipo kuyambira tsikulo dzimbiri limakasiya ndi kuyamba kudya mwendo. Kakadyeka kufika theka, kagulidwe kena.