Galu wa husky pa Nkhata Bay: funsani kaye musanatulutse ndalama

Anzanga a mumsika, geni ikayenda bwino mtima umafuna kachinthu kodzitamira nako. Masiku ano ena ayamba kusirira agalu a mtundu wa husky omwe amawaona pa Facebook, aja a maso a buluu ndi ubweya wa wiruwiru ngati bulangeti. Ine ndine woweta agalu pano pa Nkhata Bay, ndiye ndati tikambirane kaye, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Galu ameneyu kwawo ndi ku Siberia, komwe anthu a mtundu wa Chukchi ankamuweta kuti azikoka ngolo zopanda mateyala pa chipale chofewa. Mphamvu zake si zamasewera ayi. M'chaka cha 1925, nthenda yapakhosi ya diphtheria itabuka m'tauni ya Nome ku Alaska, agalu okoka ngolo pafupifupi 150 anapatsirana mankhwala pa mtunda woposa makilomita 1,000 m'masiku asanu ndi theka basi. Awiri mwa iwo, Togo ndi Balto, mbiri yawo ikumvekabe mpaka lero.

Tsono galu wobadwira ntchito yotere mukam'manga patcheni pansi pa mtengo wa mango, inu n'kukakhala pabenchi kugulitsa usipa mpaka madzulo, mukuti atani? Amakumba pansi pa mpanda, amalumpha, ndipo akatuluka amathamangitsa nkhuku ndi mbuzi za eni ake. Mapeto ake phindu la sabata yonse lithera kulipira milandu.

Ngati mukufuna mlonda wa katundu, apa ndiye mwasochera. Husky sakonda kuuwa, amangolira ngati nkhandwe, ndipo mlendo aliyense amam'gwedezera mchira. Wakuba angathe kutuluka ndi wailesi, galu n'kumuperekeza mpaka kumsewu!

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi kutentha. Ubweya wake ngwosanjikizana pawiri, pomwe kunyanja kuno Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 30. Galu satuluka thukuta m'thupi monse ngati ife, amadziziziritsa popuma lilime lili panja. Mukaona akupuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, akuyenda mwadzandidzandi, m'thireni madzi ozizira n'kuthamanga naye kwa dokotala wa ziweto. Kum'meta mpala si mankhwala, chifukwa ubweya womwewo ndi umene umateteza khungu lake kudzuwa.

Amene mtima wakanika, konzekani izi: mthunzi tsiku lonse, madzi akumwa osatha, mpanda wautali wozama pansi, ndi kuyenda naye ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, m'mamawa kapena dzuwa litapepa. Masana mchenga wa ku Chikale umawotcha mapazi. Mkute wa kondowole pawokha sum'kwanira, amafuna nyama kapena nsomba zochotsa minga. Muzim'pesa ubweya pafupipafupi, poti nkhupakupa zimabisala momwemo. Ndipo galuyu amakhala zaka 12 mpaka 14, mwana wa sitandade 1 mpaka kulemba fomu 4 mukudyetsabe.

Kaya ndi husky kaya ndi wakumudzi, katemera wa chiwewe ndiye osaphonya: akakwana miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka. Funsani ku ofesi ya za ziweto. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Kunena mosapsatira, ine ndimati tengani galu wathu wakumudzi. Anazolowera dzuwa lathu, amauwa usiku, sadya thumba. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limapezera mabanja agalu osowa powasunga, ndipo ngakhale pamudzi pomwe pano tiana ta agalu tosowa mwini sitisowa. Ndalama ya husky ija kapikuleni nayo katundu ku Mzuzu.