Kodi mumadziwa kuti mawu ndi malo sizisungidwa pamodzi m'mutu?

Munthu akakutchulirani nambala ya foni, manambala 10 aja, mumaibwereza chamumtima pofunafuna cholembera. Wina akangokulankhulitsani, yathawa. Komatu madoda a bawo ku Champiti, m'boma la Ntcheu, amatha kucheza uku akukumbukira dzenje lomwe lili ndi njere zambiri mwa maenje 32.

Mu 1974, Alan Baddeley ndi Graham Hitch a ku Britain anafotokoza kuti zinthu zimene timasunga kwa kanthawi kochepa zili ndi mbali ziwiri: ina ya mawu, ina ya zooneka ndi pomwe zili. N'chifukwa chake ntchito ziwiri za mawu zimasokonezana kwambiri kuposa ya mawu ndi ya malo.

Mbali ya mawu ndi yothina zedi. Imasunga zimene munthu angatchule m'masekondi awiri okha. Kafukufuku wa mu 1980 ku Wales anapeza kuti anthu olankhula zilankhulo ziwiri ankakumbukira manambala ochepa m'Chiwelshi kusiyana ndi m'Chingerezi, poti mayina a manambala a Chiwelshi amatenga nthawi kutchula. Aphunzitsi athu aganizirepo bwino apa: mwana wonena kuti "zisanu ndi zinayi" wasenza katundu wolemera kuposa wonena "naini", ndipo akachedwa pa samu si umbuli ayi.

Mbali ya malo amaiyesa ndi timatabwa 9 ta Philip Corsi, ta mu 1972. Woyesa amatigogoda motsatizana, inu n'kubwereza momwemo. Ambiri amalekezera pa 5 kapena 6.