Kusamala Ana Nyengo Yozizira: Kuyambira M'mawa Mpaka Usiku

Amayi ndi abambo, miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, makamaka kumapiri a Angónia ndi Tsangano. Nyengo imeneyi ana aang'ono sachedwa kudwala chimfine ndi chibayo. Tiyeni tisinthe zina pakhomo.

M'mawa: Musamsambitse mwana mbandakucha. Dikirani dzuwa likwere, mumsambitse ndi madzi ofunda, mumpukute msanga. Khanda livale chipewa ndipo liziyamwa pafupipafupi.

Masana: Tsegulani mazenera, yanikani zofunda padzuwa. Pophika, mwana asakhale mu utsi chifukwa utsi wa nkhuni umavulaza mapapo.

Madzulo: Ana asamaothe moto okha, angapse. Musanagone, tulutsani mbaula panja. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndiponso wosanunkha.

Mwana akamakhosomola, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka 1 mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, kapena nthiti zikamalowa mkati popuma, mwina ndi chibayo. Musadikire mawa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.